Ndinalonjera Gombe Lonse

Kusukulu yathu ya kumudzi aphunzitsi ankati mwana wopanda ulemu ali maliseche ngakhale atavala suti. Ine ndinawamvera, mwina kuposa mmene iwo ankafunira. Nditafika ku Glasgow ndinkapepesa ngakhale chitseko cha basi chikandipana.

Ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba cha ku Springburn. Panali namwino wina wa ku Philippines, mtsikana wa msinkhu wanga, amene akamaseka mapewa ake ankasekanso. Ndinkamukonda, koma chikondi changa chinkathera pomutsegulira zitseko ndi kumusungira mabisiketi. Tsiku lina tikupinda mabulangete anandifunsa:

"Loweruka ukutani?"

"Ndichapa."

"Zovala zako sizithawa. Abale anga akukumana kunyanja, ndipo agogo abwera kuchokera kwathu. Tipitire limodzi."

Anati banja lawo limakumana chaka ndi chaka. Ena amachokera ku London, ena ku Dublin, ena ku Dubai, n'kuchita lendi tinyumba ta matayala pamalo ena ochezera m'mbali mwa nyanja, kumadzulo kwa Glasgow. Agogo aakazi kwawo amawatchula Lola.

"Lola akakukonda, banja lonse lakukonda," anatero. "Akapanda kukukonda, uzingopitiriza kunditsegulira zitseko."

Makutu anga anatentha. Kodi ankadziwa nthawi yonseyi?

Anandiphunzitsa moni wawo wa akuluakulu: umagwira dzanja la wamkulu, n'kuwerama, n'kugunditsa kuseri kwa dzanjalo pamphumi pako. Kunyumba ndinayeserera ndi mkono wa jekete yopachika pachitseko, mpaka mnzanga wa kumpingo amene ndinkakhala naye anandipezerera.

"Achimwene, mwayamba kupembedza majekete? Ndikawauze abusa?"

Loweruka ndinavala suti ya kutchalitchi ndi nsapato zosongoka. M'thumba ndinaika maswiti a ana, poti mlendo safika chimanjamanja. Titatsika sitima tinapeza gombe lonse lachita chikasu. Aliyense anavala tisheti yachikasu ya banjalo pamwamba pa juzi, chifukwa mphepo ya kumeneko sidziwa kuti kuli chilimwe. Panali mapoto a mpunga, nyama ya nkhumba yowotcha, ndi chimkuzamawu chimene bambo wina ankaimbira atatsinzina. Amayi ena ankakumbatirana, kulira, kuseka, n'kuyambanso kulira. Foni ina anaitsamiritsa pabotolo kuti abale otsala kwawo aziona nawo tikudya.

Tisanakhale n'komwe, mnzanga namwino uja anakokedwa ndi azisuweni ake kukathandiza kuphika. Ndinatsala ndekha ndi suti yanga.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti sindinafunse chinthu chimodzi: kodi ukulu umayambira pati? Nkhope zawo sizinandithandize, ambiri ankaoneka ngati angomaliza kumene sukulu. Kwathu kudumpha munthu popereka moni ndi chipongwe. Umayamba kumapeto kuno mpaka kukafika uko. Ndinaganiza zochita chimodzimodzi. Ndinawonjezanso kugwada, poganiza kuti ulemu suchuluka.

Woyamba anali bambo wa imvi, ndipo anakondwera. Wachiwiri anandisisita phewa. Mtima unayamba kukhala pansi. Ndinadutsa pakagulu ka ana amene ankakumba mchenga atavala majekete a zipewa, ndinawasisita mitu mmodzimmodzi n'kuwagawira maswiti. Kenaka ndinagwada pamaso pa mayi wina wa magalasi akuda ndi milomo yopaka zofiira. Dzanja lake lisanafike pamphumi panga analikoka ngati lagwira mbaula.

"Ayi! Iwe! Ine ndine nkhalamba? Ndikuoneka ngati agogo ako ine?"

Anthu anafa nacho chiseko. Pofuna kupepesa, ndinatambasulanso dzanja kuti ndigwire lake, ndipo anathawira kuseri kwa tebulo.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma panafika mzungu wina wachikulire wa jekete yowala, woyang'anira malowo, kudzanena kuti galimoto ina yatseka njira. Anali ndi imvi, ndipo ine ndinali kale chogwada. Ndinamugwira dzanja n'kuliika pamphumi. Iye sanalichotse. Analitembenuza, n'kundigwira ngati mayi woyeza malungo.

"Uli bwinobwino, mwanawe? Mutu ukuwawa?"

Mnzanga anatulukira akuthamanga, chipande chili kumanja.

"Lola wawalonjera?"

"Ndalonjera aliyense," ndinayankha, mawondo a suti akudontha madzi.

"Iwo akuti wawasisita mutu n'kuwapatsa switi."

Analoza kwa ana aja. Mmodzi wa iwo, wa jekete yapinki ya chipewa cha makutu a chimbalangondo, anatembenuka. Anali mayi wokalamba, wamng'ono ngati mwana wa sitandade faifi, tsaya litatupa ndi switi yanga. Jekete ija anabwereka kwa chidzukulu chawo chifukwa cha kuzizira.

Ndinayang'ana nyanja. Ndikanadziwa kusambira, bwenzi pano ndikulemba izi ndili tsidya lina, ku Ireland.

Ndinayenda kupita kwa iwo, nsapato zikumira mumchenga, gulu lonse lachikasu likunditsatira. Ngakhale woimba uja anasiya nyimbo pakati. Lola anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi, osafulumira, akumung'unya switi. Kenaka anatambasula dzanja lodzaza mchenga. Ndinagwada, ndinaliika pamphumi, ndipo ndinalakalaka ndikanangokhala choweramacho mpaka Lolemba.

Iwo sanandisiye dzanja. Analankhula m'chilankhulo chawo, ndipo anthu anaphulika ndi phwete. Mayi wa milomo yofiira uja anachita kukhala pansi.

"Akuti chiyani?" ndinanong'ona.

"Akuti ulemu uli nawo wokwanira mudzi wonse, chimene ulibe ndi maso." Mnzangayo anapukuta misozi. "Akufunsanso ngati yatsala switi ina."

Ndinawapatsa thumba lonse.

Nthawi yojambulitsa chithunzi cha banja itakwana, ndinapempha kuti ine ndigwire foni. Lola anakana ndi chala. Anatuma munthu kukatenga tisheti yachikasu. Yotsala inali ya mwana, ndipo anandiveka pamwamba pa shati ndi tayi, manja anga n'kuima m'mbali ngati a choopsezera mbalame kumunda. Anandikhazika pambali pawo, n'kundisisita mutu kawiri, mwamphamvu ndithu, anthu onse akuona.

Pobwerera, mnzanga anagona tulo mutu uli paphewa langa. Dzanja linachita dzanzi tisanafike n'komwe theka la ulendo, koma sindinalisunthe mpaka ku Glasgow.

Chaka chotsatira anandiitananso, ndipo tisheti yanga inali ya msinkhu wanga. Mayi wa milomo yofiira uja, mpaka lero, akangondiona patali amapisa manja onse m'matumba.