Mwana Wopanda Duvida

Mwana wanga wachisamba anabadwa ndi funso pakamwa. Ine ndikuyanika usipa pathandala, iye ali pachitenje panga: kodi nsomba zimamva ludzu? Bwato limadziwa bwanji kwawo? Ndinkatopa naye, sindinama. Masiku ena ndinkangoti, “Iwe mtsikana, pakamwa pakopo sipatopa?” Koma mumtima ndinkanyada.

Zimene zinkamuzunguza mutu kwambiri ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m’nyanja nthawi ya dzinja, kuoneka ngati utsi. Iye ankati nyanja ikupsa, ndipo ankafuna kudziwa amene wayatsa. Nditamuuza kuti ndi tizilombo chabe sanakhutire. “Nanga timatuluka bwanji m’madzi mapiko osanyowa?” Apo ndinagonja. Ndinati, “Ukadzayamba sukulu ukafunse aphunzitsi, iwo amadziwa zonse.” Funsolo analisunga ngati diresi ya pa Khirisimasi.

Sukulu anayambira kwathu konkuno ku Meluluca, pansi pa mtengo wa mango, ana ochuluka moti ena mthunzi sunkawafika. Mphunzitsi wawo anali mtsikana wochokera kutali kummwera, Chinyanja osachidziwa. Akamaliza phunziro ankafunsa m’Chipwitikizi kuti, “A duvida?” kutanthauza kuti alipo ali ndi funso? Ana obwereza kalasi ankakuwa, “Nau a!” Palibe. Ang’onoang’ono n’kumatsatira, poganiza kuti nyimbo ya kusukulu imatha choncho.

Tsiku lina mwana uja atabwera anakhala patsogolo panga n’kuweramitsa mutu.

“Amayi, tandiyang’anani m’tsitsimu. Muli duvida?”

Ndinaseka mpaka misozi. Iye sanaseke. Mnzake wina anali atakweza mkono pa nthawi ya funso lija, kufuna kupempha kukataya madzi, kalasi yonse n’kumukuwiza kuti ali ndi duvida, oyandikana naye n’kusendera kutali. Wangayu ndiye anaona kuti duvida ndi nsabwe kapena mphere, chinthu chimene aphunzitsi amafufuza tsiku ndi tsiku, chimene mwana wosamba sapezeka nacho.

Ndinamufotokozera kuti duvida ndi funso basi, ngati lake la nkhungu lija. Ndinkayesa asangalala. Anangonditong’olera maso mwamantha.

“Ndiye kuti ine ndili nazo zambiri?”

M’mawa mwake ndinamanga chitenje molimba, ulendo wa kusukulu, mtima uli m’mwamba, Chipwitikizi changa chothyokathyoka ndikuchikonza m’njira. Ndinkayembekeza kukapeza munthu wodzikuza woti ndikamutsuke. Ndinapeza mwana wa eni ake, mawu atasasa. Anati kumene anaphunzira ntchito anawauza kuti mwana azifunsa, n’chifukwa chake salumpha tsiku osawapatsa mpata, koma palibe amene anafunsapo.

“Ndipo mama,” anatero, “ngakhale atafunsa, afunsa m’Chinyanja. Ine ndimva chiyani?”

Ndinabwerako mkwiyo wanga uli m’manja, wopanda pouponya. Chaka chisanathe mphunzitsiyo anakwera chapa, minibasi ya ku Lichinga, osabweranso. Amene analowa m’malo mwake anapeza nyimbo ija ana ataidziwa kale, ndipo sanaone choikonza.

Kunyumba ndinayesetsa. Ndinkamuputa dala, kumuonetsa nkhanu, kumufunsa kumene mphepo ya mwera imagona. Iye ankangomwetulira mwaulemu. Anthu kutchalitchi anayamba kundiyamikira kuti mwana wanga wakula, wasiya phokoso. Mawu amenewo ankandipweteka kuposa chipongwe.

Dzinja lathali nkhungu zinatulukanso m’mamawa, zakuda bii pakati pa nyanja. Iye anali akutsuka mbale m’mphepete mwa madzi. Ndinamulozera.

“Za mapiko zija unafunsa? Kapena ukufunabe kudziwa?”

Sanadzutse n’komwe mutu.

“Nau a, amayi.”

Yankho la funso la mapiko lija ine mpaka lero sindilidziwa, ndipo m’nyumba muno mulibenso wondifunsa.