Tsiku Limene Wakufa Anadzuka pa Nsalu

Mtolo wa amayi unkakhala kuseri kwa chitseko, womangidwa m'chitenje chobiriwira, mfundo yake yolimba yoti sungaimasule ndi zala zozizira. Mpaka lero ndikatsinzina ndimauonabe. M'mawa ndikamasesa ndinkaulambalala osaukhudza, chifukwa ndinkadziwa chimene unkadikira. Basi yopita kumwera inkanyamuka Lolemba, ndipo amayi anali atanena kuti Lolemba limenelo adzausenza, adzandigwira dzanja, tibwerere kwathu ku Dowa. Abambo adzatsala okha ku Mzuzu ndi ntchito yawo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho panalibe wondifunsa ngati ndikufuna kupita kapena kutsala. Ndinkangodziwa kuti mtolowo ukatuluka pakhomo, banja lathu latha.

Tinabwera ku Mzuzu boma la atsamunda litasamutsa abambo, amene anali kalaliki. Musaganize za mzinda umene mukuudziwa lerowu, ayi. Kunali minda ya mitengo ya tung yopangira mafuta, nkhalango, nyumba zowerengeka za malata, ndi kuzizira. Ha, kuzizira kwake! Chifunga chinkatsika m'mawa mpaka nyumba ya mnzako yoyandikana nayo osaiona, kamvula kowaza kankagwa tsiku lonse osatopa, zovala zinkakhala pachingwe mpaka kununkha chinyezi. Nkhuni zinali zonyowa nthawi zonse, moti ndikanunkhiza utsi wa bulugamu wauwisi ndimabwerera pompo kukhitchini kwathu ku Chibanja, maso akuchucha misozi ndikupemerera moto. Ana akumeneko ankasewera fulaye akukuwizana m'Chitumbuka, ine n'kumangoima chapatali ngati nkhuku yachilendo. Sankandida, koma ndikatsegula pakamwa ankaseka kayankhulidwe kanga, ndiye ndinasankha kutseka. Mnzanga anali mmodzi yekha, mlongo wanga Yohane, amene anali atangoyamba kuyenda. Ndinkam'bereka popita kuchitsime, ndinkasewera phada iye akundisokonezera timiyala, ndipo ndikam'kalipira ankandimenya pamutu ndi supuni.

Chifuwa chinam'gwira m'nyengo yozizira ndipo sichinam'chedwetse. Tinamuika m'manda a eni, pakati pa mayina oti sitinkawadziwa. Anansi athu anachita zonse zimene munthu angachite, ndisaname: anagona pamaliro, anaimba nyimbo zawo, anabweretsa ufa ndi nkhuni, poti maliro n'kulirana. Koma abale athu sanabwere. Uthenga unafika mochedwa, ulendo unali wautali, ndipo zinathera pomwepo. Kwathu maliro sathera kumanda. Pakapita masiku abale amasonkhana n'kumeta ofedwa, tsitsi la chisoni lichoke, kenako anthu amayambanso kuseka, kupita kumunda, kutchula dzina la wopitayo osatsamwa. Wofedwa sadzimeta yekha. Ndiye ife maliro athu sanathe, anangosamukira m'nyumba. Amayi anasiya kuyankhula kupatula pondituma. Abambo akaweruka ankakhala pakhonde n'kumapukuta nsapato zimene anali atapukuta kale. Dzina la Yohane silinkatchulidwa ndi wina aliyense. Ine chimene chinkandipweteka kwambiri chinali msana, chifukwa unkazizira. Ndinali nditazolowera kutentha kwa mwana kumbuyo, ndipo nthawi zina popita kuchitsime ndinkadzimanga nsalu yopanda kanthu.

Sabata lomaliza lija m'pamene galimoto ya kanema inafika. Inazungulira m'misewu yamatope, munthu akukuwa pachinkuzamawu, ana akuithamangira pambuyo. Akanema amene ankabwera masiku amenewo tinkawadziwa: kalimidwe ka mizere, kakumbidwe ka chimbudzi, mfumukazi ikubayibitsa anthu. Koma ulendo umenewu akuti anabweretsanso wanthabwala, wonena za anthu opanga kanema eniakewo, kuwaseka momwe amagwirira ntchito yawo. Lachisanu chakumadzulo anaonetsa amuna ndi antchito a boma, Loweruka masana inali nthawi ya amayi ndi ana. Abambo anapita atavala jekete, ndikuganiza pongothawa bata la m'nyumba. Koma anabwerera msanga, injini ya kanema ikumvekabe kulira ndi phwete la anthu likufika mpaka pakhomo pathu. Anakoleka chipewa pamsomali n'kunena osayang'ana munthu kuti, “Zopanda pake. Azungu akudziseka okha pa mabodza awo. Palibe chophunzira.”

M'mawa mwake kuchitsime nkhani inali yomweyo, ngati kanemayo anali woyenera kutayira nthawi kapena ayi. Ndinkangotolako mawu apa ndi apo. Ena ankati amuna awo anabwera nthiti zikupweteka ndi kuseka. Mayi wina wa kutchalitchi anati munthu wamkulu sangasiye mphale pamtondo kukaonera anthu akugwa m'matope. Ambiri mwa amayiwo ankakhulupirira kuti munthu akafa mu kanema ndiye kuti wafadi, ndipo ankadabwa kuti wojambulayo ali ndi mtima wanji woti n'kumangojambula mnzake akutsirizika. Pakati pawo panali NyaMhango, mnansi wathu, mayi wamtali wa mawu aakulu amene ankasuta fodya wam'mphuno. Ndi yekhayo amene ankayesa kutiyankhula m'Chinyanja, momwe tinkachitchulira nthawi imeneyo, ngakhale chinali chopindikapindika. Ponditwika ndowa anandiuza kuti, “Iwe mwana, ukawauze amama ako tilute tonse ku kanema. Kukhala m'nyumba chomene kukudwalitsa.”

Ndinapempha abambo poyamba, poti Loweruka ankaweruka masana. Anakana. Ndinapemphanso, ndikulira, ndikunena kuti kumudzi galimoto ya kanema sifika ndipo uwu ndi mwayi wanga womaliza. Pakamwa pangapa! Ndinali nditatchula za ulendo, chinthu chimene tonse tinkachizemba. Abambo anangoti mwana wamkazi sapita yekha m'chigulu. Amayi anali pansi akusankha nyemba. Anaika lichero pambali, anadzuka, anamanga bwino chitenje n'kunena kuti, “Ndiye ndim'perekeza ine.” Sanapite chifukwa chofuna kuseka, ayi. Ankangondilipira Mzuzu amene ankati andilande.

Ankaonetsera m'shedi yosungiramo zokolola, mazenera atawatseka ndi masaka. Munkanunkha fumbi, mafuta a injini ndi thukuta la anthu onyowa ndi mvula. Tinakhala pansi mopanikizana, NyaMhango mbali iyi, ine mbali inayo, amayi pakati atawerama. Wofotokoza ankamasulira m'Chitumbuka, koma kunena zoona kanemayo sankafuna womasulira. Panali bwana wamimba, wovala kapusi chammbuyo, akukuwa pa chitini chonga fanulo, aliyense akum'thawa. Ankafuna mvula, ndiye anakweza munthu pamakwerero kuti azithira madzi ndi chitini chothirira ndiwo kudimba. Ankafuna mphepo, wina n'kumakupiza ndi chitseko. Nyumba yokongola ya nsanjika, atatembenuza makina ojambulira, tinaona kuti linali khoma limodzi lokha lochirikizidwa ndi mitengo, kumbuyo kwake mbuzi ikudya chingwe chomangira. Dona wina ankayenera kulira koma misozi osabwera, mpaka anam'bweretsera anyezi m'kampango. Shedi yonse inali phwete lokhalokha. Ine ndinkaseka ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana amayi. Khoma lija litagwera bwanayo, mutu wake n'kutulukira pazenera, ndinamva mapewa awo akugwedezeka. Anali atatseka pakamwa ndi nsalu, koma kuseka kunkatuluka m'mphuno.

Kenako panabwera maliro. Mnyamata wa m'seweromo anam'baya ndi lupanga, anagwa, dona wa anyezi uja anam'gwera akudziguguda pachifuwa, anam'funditsa nsalu mpaka kumutu. M'shedi munangoti zii. Amayi ena anayamba kudandaula kuti mwana wa eni uyu, wafera zamasewera. Bwana uja anakweza dzanja, wojambula anasiya kupukusa makina, ndipo wakufayo anavundukula nsalu, anadzuka, anasasa fumbi pathalauza n'kuitanitsa tiyi. Anthu inu! Denga linatsala pang'ono kuchoka. Ana ankagubuduka pansi, mayi wa kutchalitchi uja, amene anabwera ndithu ngakhale ananyoza, ankamenya mnzake pamsana. Amayi nawo anaseka mokweza, mutu chagada, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Koma sikunathe pomwe ena anathera. Kunapitirira, kunasintha, ndipo ndinazindikira kuti akulira. Ankalira mokuwa momwe sanalirire ngakhale kumanda, akuitana Yohane kuti nayenso adzuke. M'phokoso ndi mdima umenewo palibe anawamva kupatula ine ndi NyaMhango. NyaMhango anangowakokera pachifuwa pake n'kuwafunditsa theka la shawelo yake, ndi dzanja linalo n'kundikoka inenso. Zotsala za kanemayo sindinazione.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono m'kamvula, iwo patsogolo ine pambuyo. Amayi anayankhula zambiri ndi NyaMhango panjira imeneyo kuposa zonse zimene anayankhula chimwalirire mwana, wina m'Chinyanja wina m'Chitumbuka, koma ankamvana. Anafotokoza za abale osabwera ndi za tsitsi losameta. NyaMhango anaima chilili pakati pa msewu, manja m'chiuno. “Mama, bwanji simunayowoye? Ifenso kuno timameta! Timati mukudikira a kwanu.” Ndipo asanapatukire kwawo anawonjeza kuti amuna awo anakhala pafupi ndi abambo usiku wa Lachisanu. Akuti abambo ankaseka bwinobwino ngati wina aliyense, mpaka pamene wakufa uja anadzuka. Pamenepo anatola chipewa n'kutuluka.

Abambo tinawapeza pakhonde ndi nsapato zawo. Osadzutsa mutu anafunsa ngati taona tokha kuti zinali zopanda pake. Amayi anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, zimene anali atasiya kalekale, n'kunena motsitsa kuti, “Ndaona pamene munatulukira, bambo ake a Yohane.” Bulashi ija inaima. Ndinaona abambo anga, munthu wa tayi amene sindinamuonepo akugwetsa msozi, akubisa nkhope m'chigongono. Amayi anandituma kukasonkha moto, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadandaule ndi utsi, chifukwa unandipatsa chonamizira.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi NyaMhango anabwera ndi amuna awo, lumo latsopano lili m'kapepala, madzi ofunda m'beseni. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kwa ife alendo tinali ife, lumo linabwera ndi eni dziko. Anameta amayi kuseri kwa nyumba, kenako ine, amuna awo n'kumeta abambo pansi pa mtengo wa pichesi. Tsitsi analikwirira. Mphepo ya ku Mzuzu pamutu wopanda tsitsi, musaifune! Amayi anagwira mutu wawo, ananjenjemera, analowa m'nyumba kukafuna duku. Maduku onse anali mu mtolo muja. Ndinawaona atagwada kuseri kwa chitseko akulimbana ndi mfundo ija ndi mano mpaka inamasuka. Anatulutsa awiri, wina wawo wina wanga. Lolemba m'mawa ndinamva basi ikuliza hutala kumsika, ine ndikusesa, amayi akuyala zovala za mu mtolo muja m'sutikesi ya abambo.

Ndaonera akanema ambiri chiyambire, ena abwino kuposa uja kutalitali, ndipo dzina lake sindilikumbuka. Shedi ija anaigwetsa, mitengo ya tung inatha, manda a Yohane ndimawapeza movutikira. Zidzukulu zanga zimaonera akanema pafoni, aliyense payekha, zomvera zili m'makutu, ndipo zikandifunsa ngati wakutiwakuti ndi woyenera kuonera ndimasowa poyambira. Abambo sananame, munalibe chophunzira. Anali anthu opusa akuthirana madzi ndi kununkhiza anyezi kuti alire misozi yabodza. Koma amayi anga anafunika mdima, phokoso la anthu oseka ndi phewa la munthu pafupi kuti alire misozi yeniyeni, ndipo zitatu zonsezo anazipeza m'shedi muja. Mpaka ukalamba wawo abambo ankati kanema ameneyo anali wopanda pake, ndipo nthawi zonse akatero amayi ankangowayankha kuti, “Inu simunam'malize.”