Njinga ya atate yapezeka ku Mozambiki

Mwachoma bwanji nonse.

Lelo kuno ku Ndake kwafika m'busa wa ku Mozambiki, akufunafuna ine.

Mukumbuka nthawi ya chipani chimodzi, mpingo utatituma kukalalikila kumeneko masabata awili? Ndinapita pa njinga ya atate, ndinabwela wapansi. Ndinaisiyila mlaliki wokalamba amene ankayendela midzi isanu ndi miyendo yotupa. Atate anandikwapula, ena nkumati ndinagulitsa.

M'busayu ndi mwana wa mlaliki uja. Wandionetsa chithunzi pafoni. Njinga inatha kalekale, koma limu ya gudumu lake anaipachika pamtengo wa mango, ndiyo belu la tchalitchi chawo mpaka lelo!

Alongo anga a Tisauke, inu amene munkanditcha wakuba pamaso pa alamu anu, mukuti bwanji tsopano? Ndikuona muli pa intaneti.