Tsiku limene amayi analira mitengo ya labala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinasamuka kwathu ku Balaka kubwera kuno ku Nkhata Bay. Abambo anali atatsogola kale. Anapeza ntchito m'munda wa labala, yocheka makungwa a mitengo kuti utomoni uzidonthera m'tikapu, ndipo atakhazikika anatiitana. Amayi anagulitsa mbuzi zonse, munda n'kuwasiyira amalume. Kobwerera kunalibe.

Inali nyengo ya mphepo ya mwera. M'basi monse amayi ankandisimbira zimene abambo anawauza, kuti kumeneko mitengo anaibzala m'mizere, ndipo mthunzi wake ndi woti masana amakhala ngati madzulo.

Titapitirira Chintheche, kondakitala anati tikulowa m'munda wa labala. Ndinagunditsa mphuno pagalasi. Mizere inalipodi, koma masamba munalibe. Nthambi zinangoti mbee, masamba ofiirira ataunjikana pansi, tikapu tili gwa, ndipo wocheka sitinamuone ndi mmodzi yemwe.

Kwathu tinkadziwa kuti mlambe umayoyola masamba, poti ndi wam'tchire. Koma mtengo wobzala ndi manja, monga mango, ukatero ndiye kuti wafa. Amayi anandigwira dzanja mpaka linawawa.

"Mayo ine, yauma yonse! Ndiye abambo ako akugwira ntchito yanji? Ambuye, mwatichotsa kwathu kuti tidzavutikire kwa eni?"

Anayamba kusisima, nanenso ndinalira, pakuti ndinali ndisanawaonepo akulira pagulu.

Pampando wa kutsogolo kwathu panali mayi wina wachitonga, atafungatira nkhuku. Anacheuka.

"Ama, maliro ali kuti?"

Amayi analoza pawindo n'kufotokoza. Mayi uja anaseka mpaka nkhuku inakupiza mapiko.

"Mukulira mitengo? Imeneyi yangovula, ama! Chaka ndi chaka imatero. Musanazolowere n'komwe kudya kondowole, mudzaiona itavalanso."

"Nanga anthu ali kuti?"

"Mtengo ukavula saucheka, amaupumitsa. Amuna anuwo akulambula m'mizere, kapena ali padepoti kudikira inu, atapesa bwinobwino."

Basi yonse inaseka. Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, koma ndinaona kuti mtima sunakhale pansi. Milomo yawo inali kugwederabe ndi pemphero mpaka tinatsikira paboma.

Abambo tinawapezadi padepoti, atapesadi, nzimbe ili m'manja. Amayi sanawapatse ndi moni womwe.

"Bambo ake a Esinati, ntchito ilipo?" anafunsa, akuwatchula ndi dzina langa.

"Ilipo, bwanji?"

Amayi anangokhala pansi pa mtolo wa zofunda n'kuyamba nyimbo yoyamika, anthu akudutsa ndi mabeseni a usipa.

Patapita masabata angapo, abambo ananditenga panjinga kukaona. Nthambi zija zinali zitatulutsa timasamba tofiira, tofewa ngati khutu la khanda. Pobwera mvula, munda wonse unali bii ndi mthunzi.

Lero ndine mayi wa ana asanu, ndipo pakhomo panga pakhala pakubwera nyengo zoti ukayang'ana uku ndi uku suona chobiriwira. Ntchito ya amuna anga inaimapo, mwana anagonapo m'chipatala. Zikatero ndimagwada, inde, Mulungu ndi wabwino ndipo sananditayepo. Koma ndikadzuka sindikhala ndekha ndi mantha anga. Ndimakagogoda kwa amene anakhalitsa padziko kuposa ine n'kufunsa ngati anazionapo. Nthawi zambiri amati anazionapo, ndipo zinatha.