Azakhali Anandiyankhira kwa Mlangizi

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mpaka pano ndikadali wokwiya, anzanga, ndipo amene ndawakwiyirawo sakudziwa n'komwe kuti andilakwira. Ndiyambe ndakuuzani kuti mawa ndiyamba kukaonana ndi mayi wina wopereka uphungu wa za maganizo, wa pulayiveti, kutauni. Ambiri mukudziwa kuti chaka chatha mwana wanga anabadwa atafa kale. Chichokereni kuchipatala sindinalirepo, chifukwa anandiuza kuti mtayo saulira, ukaulira umatseka mimba. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiumiriza kuti ndikalankhule ndi munthu woti si wachibale, si wa kumpingo, woti zimene ndikanene zikathere m'chipinda momwemo. Kupatula amuna anga, bambo a Tadala, kwathu palibe amene ndamuuza.

Ndiye kumalotoko ndinapezeka ndafika kale pamalopo, dzuwa lili pamutu. Nyumba yake inali yabwino, ya maluwa pakhomo, koma mzere wodikirira unali ngati wa kuchigayo, aliyense atasenza kathumba kake. Ine ndinalibe thumba. Ndinali nditamanga mbereko kumsana, yopanda mwana, ndipo palibe amene anadabwa nazo.

Kenako anandiitana. Mlangiziyo anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, wolankhula mofatsa. Anatseka chitseko, n'kukhoma ndi kiyi ine ndikuona, n'kunena kuti, "Muno muli inu ndi ine basi, mayi. Khalani pansi, mundiuze chimene chili mumtima." Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinakhala pampando wofewa, ndinapuma, ndinatsegula pakamwa. Mawu asanatuluke ndinangomva kumbuyo kwanga, "Ali bwinobwino ameneyu, wangotopa ndi ntchito."

Kucheuka, azakhali anga! Atayala mphasa kuseri kwa mpando, miyendo atatambasula, akuswa mtedza m'lichero. Polowera pawo sindikupadziwa, chifukwa kiyi anali m'manja mwa mlangizi. Awa ndi azakhali omwewo amene anatenga mwana wanga kuchipatala atamukulunga m'nsalu, n'kukamuika ndi amayi ena ine ndili chigonere, osandionetsa nkhope yake, osandiuza pamene anamuika.

Ndinayang'ana mlangizi uja kuti awatulutse. Mukudziwa zimene anachita? Anagwada. Munthu wa mapepala ake a sukulu pakhoma anagwada pakapeti, n'kuwomba m'manja, "Mwaswera bwanji, amayi?" Kenako anawathirira tiyi. Ine mwini wake wa nkhani sanandipatse ngakhale madzi.

Ndiye kabati ya mabuku inatseguka, n'kutulukamo apongozi anga atavala mpango wa kumaliro. Khoma lina linali litachoka, m'malo mwake atapachika chitenje, ndipo kuseri kwake ndinkaona mapazi a amayi a kumpingo atandandalika. Malume anga anali atakhala pampando wa mlangizi, chipewa chili pabondo, ndipo pambali pawo panali ankhoswe a kuchimuna. Apa n'kuti zitasanduka mlandu wa banja, ujatu woti mwini wake sayankhula, amamuyankhulira ndi ankhoswe. Mlangizi naye anangotsatira mwambo. Anasiya kundiyang'ana ine, n'kumati, "Tawafunsani ngati amagona usiku." Malume n'kuyankha, "Amagona tulo tofa nato." Bodza lamkunkhuniza! Munthu amene anandiona komaliza pa chinkhoswe changa akudziwa bwanji za tulo tanga? "Nanga kudya amadya?" Apongozi akuti, "Simukuona thupilo?" Amayi a kuseri kwa chitenje onse pamodzi, "Ambuye ndi abwino."

Ndinayesa kukweza dzanja ngati mwana wa sukulu, koma palibe anandiloza. Pawindo ndinaona bambo a Tadala ataima panja, atagwira zitsulo za windolo. Anafuna kulowa, azakhali n'kuwathamangitsa ndi khoko la mtedza, ati izi n'za azimayi, mwamuna sayandikira. Iwonso n'kumvera, n'kumayang'ana nsapato zawo. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndi mmene anaimira tsiku lija kuchipatala.

Kenako misozi inayamba kubwera. Ndinaimva ikukwera kuchokera pachifuwa, yotentha, ya chaka chonse. Patebulo panali bokosi la tishu, ndipo ndinatambasula dzanja. Azakhali analitsomphola, n'kuyamba kugawira anthu timapepalato kuti azikulungiramo mtedza. Anandiloza ndi chala. "Iwe, tisaone msozi ngakhale umodzi pano. Ukufuna Tadala akhale yekha mpaka kalekale? Ife tinataya angati, unatimva tikulira?" Amayi aja anayambitsa kolasi mokweza kuti ngakhale ndisisime pasamveke kanthu, ndipo mlangizi wanga, amene ndinamudalira, ankagwedeza mutu motsatira nyimboyo.

Ndiye sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, tonse tinapezeka tili kuthengo, m'mphepete mwa manda, mpando wofewa uja uli pakati pa udzu ine ndili pomwepo. Ndinafunsa kuti, "Munamuika pati?" Azakhali analoza kumtengo wa msuku. Apongozi analoza kuchulu. Amayi a kumpingo aliyense analoza kwake, manja ali balala ngati nthambi. Ndinathamangira uku, ndinathamangira uko, paliponse udzu wokhawokha, popanda ngakhale kamwala. Malume anayasamula n'kunena kuti, "Mukuvutikiranji? Panalibe munthu apa. Anangodutsa."

Apo ndiye ndinapsa mtima, anzanga, kupsa mtima koti m'moyo weniweni sindinayambe ndapsapo pamaso pa akuluakulu. Ndinakwera pampando paja ndi nsapato. Ndinakuwa kuti anali munthu. Ndinati ankandimenya mateche ndikamwa madzi ozizira, ankakhala phee bambo ake akayatsa wailesi, ndinamusokera malaya, ndinamupatsa dzina. Ndinati inu munadutsa pati pamene iye ankakula m'mimba mwanga? Kolasi inaduka. Mtedza unatayika m'lichero. Mlangizi uja anavula magalasi, n'kundiyang'ana ine, ine ndekha, koyamba chiyambireni chipwirikiticho, n'kunena chapansipansi kuti, "Litchuleni dzinalo, mayi."

Ndinakoka mpweya. Dzina linali lili palilime. Dzanja la azakhali linangoti phwa pakamwa panga, lonunkha fodya wa mphuno, ndipo ine, mwana woleredwa bwino amene sindinawayankhepo mwano, ndinaluma. Ndinaluma ndi mano onse.

"Mayo! Amake Tadala, mwatani?"

Kudzidzimuka, kunja kwayera kale, mano anga ali pamkono wa amuna anga, pilo yense wanyowa. Anakhala tsonga akusisita mkonowo, akundiyang'ana nkhope. Ndinadikira kuti anene zija amanena onse, zoti ndisalire. Sananene. Anangofunsa kuti, "Mumakuwa kuti munamupatsa dzina. Dzina lanji?" Chaka chonse tikugona bedi limodzi, bambo ake a mwana sankadziwa. Ndinawauza. Analibwereza kamodzi, mosamala, kenako anapita kubafa n'kutsegula mpopi mwamphamvu, koma ndinkawamvabe.

Ndiye ndimasulireni, inu odziwa maloto. Kodi akundichenjeza kuti ndisapite mawa, kuti nkhani yanga idzafika kwathu ine ndisanabwereko? Kapena akundikankha kuti ndipite? Nanga kuluma azakhali kumatanthauza chiyani, poti mpaka pano sindikumva chisoni ngakhale pang'ono? Amene akufuna kundiuza kuti kulira kumaloto ndi mwayi wa mimba ina, asunge mawu akewo, ndawamva mokwanira. Koma ngati alipo wamkulu pakati panu wodziwa kumene miyambo inachokera, andiyankhe ichi chokha: amene analamula kuti mayi asalire mwana wake, iyeyo anaberekapo?