Kabotolo kofiira ndi mayeso anga a giredi 9

Chaka chimene ndinalemba mayeso a giredi 9, atate ankanyamula anthu pa njinga yamoto kuchokera ku Mkaika kupita ku Katete. Ine ankandinyamula m'mawa uliwonse mpaka pa geti la sukulu. Kalozera wa mafuta pa njingayo anafa kalekale, ndiye atate akafuna kudziwa petulo watsala bwanji, ankaigwedeza uku ndi uku khutu lili pa thanki.

Tsiku lina anabwera ndi kabotolo ka madzi ofiira. Anagula pa msika kwa bambo wina wovala jekete dzuwa likuswa mtengo. Bamboyo anati madontho ochepa mu thanki, petulo amakhalitsa. Koma anaperekanso malamulo ake: azipopa matayala m'mawa uliwonse, azitsuka pulagi, asanyamule anthu atatu, ndipo asathamange, poti mankhwalawo sakonda liwiro.

Ndinakanunkhiza kabotoloko atate ali kubafa. Kanamveka palafini. Sindinauze munthu. Ndinangolemba m'kabuku kanga, mmene ndimalembamo zimene pakamwa panga pamakana.

Petulo anayambadi kukhalitsa, ndipo atate ankauza aliyense, ngakhale anthu amene sanafunse. Koma ine amene ndinkakhala kumbuyo kwawo ndinkaona zina. Atate amene kale ankapikisana ndi maminibasi pa msewu waukulu tsopano ankayenda ngati anyamula mazira. Matayala anali gwa. Ndinkadzifunsa kuti chikusunga petulo n'chiyani, madonthowo kapena malamulo aja? Ndinaganiza kuti bamboyo anali wochenjera: anagulitsa malangizo aulere atawaika m'botolo. Amayi nditawanong'oneza, anati ndisiye, mwana wamkazi saphunzitsa atate ake za injini, komanso bola asiya kuthamanga.

M'mawa wa pepala la masamu tinachedwa. Mbuzi zinathyola khola, atate n'kuyamba kuzithamangitsa m'munda wa aneba. Pobwera anagwedeza njinga. Ngakhale ine ndinamva kuti phokoso la mu thanki linali lochepa, ngati madzi otsalira m'chigubu. Anadonthezamo mankhwala aja, nati afika, ndikwere.

Aphunzitsi anali atanena kuti wochedwa salowa. Ndinakwera. Atate anakoka moto kuposa masiku onse aja, fumbi koboo kumbuyo. Ndinkaganiza za mtunda umene unatsala, ndi ine nditaima m'mbali mwa msewu ndi rula m'manja anzanga akulemba.

Tikuyandikira pamene amayi ena amagulitsa petulo wa m'mabotolo pansi pa mtengo wa mango, ndinakoka malaya a atate. Mawu anatuluka aang'ono, mpaka anandifunsa kawiri.

“Atate, lero tikuthamanga. Paja mankhwala aja anati sakonda liwiro.”

Tinapitirira mtengo uja. Ndinatseka maso, manyazi ndi mantha zonse pamodzi. Kenaka ndinamva njinga ikuchepetsa, n'kukhota.

Amayi ogulitsawo ankawadziwa. Anawaseka kuti kodi si inu munati simudzaimanso pano, mwapeza sing'anga wa petulo? Atate anati mankhwala amafuna powasungunulira, athire botolo limodzi msanga, mwana ali ndi mayeso. Amayiwo akuthira, atate anasuzumira mu thanki nthawi yaitali ndithu. Sanandiyang'ane.

Tinafika anzanga ali pa mzere, aphunzitsi akuwasecha m'matumba pa khomo. Nditatsika, atate anandikonza kolala ya yunifomu imene mphepo inapinda.

“Pita, mayi. Ulembe modekha.”

Ndinathamanga n'kukaima kumapeto kwa mzere. Pambuyo panga panalowa mtsikana mmodzi yekha, chitseko n'kutsekedwa.