Mutu wa Lobusitala ku Kasarani

Apongozi anga aakazi atabwera kuchokera ku Dedza kudzationa ku Kasarani, ku Kenya, ine ndinali ndi pakati. Chikwatiwireni anali asanandiyamikirepo kanthu. Ndiwo zanga mchere unkachepa, ukapanda kuchepa ndiye wachuluka.

Amuna anga, pofuna kudzionetsa, anabwera kuchokera kuntchito ku Gigiri ndi malobusitala, nkhanu zazitali zandevu za m'nyanja ya mchere, zomwe mnzawo anawatengera ku Mombasa.

"Kodi ku Kenya mumadya zinkhanira?" anafunsa apongozi. Munthu woti amadya mbewa ndi ubweya womwe!

Ndinaziwiritsa, zinafiira psuu. Koma mtima unali m'mwamba. Kusikelo anamwino anali atandichenjeza kuti za m'nyanja zina zimasunga tizitsulo tapoizoni tosaoneka ndi maso, tochokera m'zonyansa zotayidwa m'madzi, ndipo timaononga mwana ali m'mimba. Anati mwa lobusitala timaunjikana m'zobiriwira za m'mutu. Ndinati basi, ndidya kamchira pang'ono, nkhani ithe.

Nanga si kwathu mutu wa nsomba ndi wa munthu wolemekezeka? Apongozi analawa, anagwedeza mutu movomereza. Kenako anathyola chimutu chachikulu, n'kuika m'mbale mwanga.

"Idyani, mwana wanga. Mwana adzakhale wanzeru."

Mwana wanga! Ine? Ndinatsala pang'ono kulira. Ulemu womwe ndinaudikira zaka zonsezi, lero wabwera ndi poizoni m'kati. Ndinaponda phazi la amuna anga pansi pa tebulo kuti andithandize. Iwo kumangoyamwa mwendo wa nkhanu ngati m'nyumbamo ndi alendo. Ndinawapondanso mwamphamvu. Anangosuntha phazi. Amuna inu!

Ndinatsika pampando n'kugwada. "Amayi, pepani, sindidya. Akuchipatala akuti m'mutumu muli zitsulo zopweteka mwana."

"Zitsulo? Misomali?" Anatokosa m'mutumo ndi chala, osapeza kanthu.

"Sizioneka, amayi."

Ndinati kwatha, mawa Dedza yonse imva kuti mkazi wa mwana wawo amakana chakudya cha m'manja mwa apongozi.

Apongozi anakoka mbale yanga ija, natembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, unkadziwa?"

"Ndinamvako, amayi, koma..."

"Sukulu yonse ija n'kumabweretsera mdzukulu wanga zitsulo? Pita ukagule nkhuku. Tsopano lino!"

Amuna anga, bambo wa tayi, anatuluka atavala patapata. Apongozi anayamba kuyamwa mutu uja okha.

"Amayi, nanga inu?"

"Ine ndabereka, ndamaliza. Zilowe mwa ine, mwina maondowa angalimbe. Dzukani apo, mwana wanga, simenti ikuzizira."